Mphaka wokalamba wamantha: mupite naye posamuka kapena atsale?

Mukamachoka pakhomo pa makolo kukayamba kukhala panokha katundu savuta kugawa, bedi ndi lanu, zina mudzagula pang'onopang'ono. Chovuta ndi mphaka. Makamaka ngati ndi uja mwakula naye, pano ali ndi zaka 12 kaya 15, ndipo ndi wamantha woti mlendo akangogogoda pachitseko iye ali kale kunsi kwa bedi satulukanso mpaka kude. Kumusiya kukuoneka ngati kumutaya, kumutenga kukuoneka ngati kumuzunza, nde munthu umangozungulira pamodzimodzi mpaka tsiku losamuka likwane usanamange chimodzi.

Anthu ambiri amaganiza kuti njira ndi ziwiri, kutenga kapena kusiya. Ine ndimaona zisanu: kupita naye tsiku lomwelo, kumusiya mpaka kalekale, kumusiya kaye nkudzamutenga mutakhazikika, kumamuyendetsa uku ndi uku, ndi kumupereka kwa munthu wina. Sizofanana kulemera kwake ndipo ziwiri zomalizazo sindichedwapo. Koma musanasankhe iliyonse pali zinthu ziwiri zoti mudziwe kaye, apo ayi mudzangosankha potengera chisoni chanu osati mphakayo.

Choyamba, manthawo ndi mantha enieni kapena ndi matenda? Mphaka akapitirira zaka 10 madokotala a ziweto amamuika kale m'gulu la okalamba, ndipo matenda a ukalamba mwa amphaka amabisala kwambiri, amaoneka ngati khalidwe chabe. Mphaka wa nyamakazi salira olo kutsimphina ngati galu, amangosiya kudumphira pamalo okwera, amakana kunyamulidwa, amabisala kuti asakhudzidwe, inu nkumati wayamba mantha. Pali kafukufuku wa 2002 amene anaona zithunzi za X-ray za amphaka 100 opitirira zaka 12, ndipo 90 mwa iwo anali ndi zizindikiro zoti molumikizana mafupa mwayamba kutha. Nde tangoganizani. Chithokomiro chikamagwira ntchito mopitirira muyeso mphaka amadya kwambiri koma akuwonda, sakhazikika, amalira usiku. Impso zikayamba kufooka amamwa madzi ambiri nkumakodza pafupipafupi. BP ikakwera maso amatha kuwonongeka, ndipo mphaka wosaona bwino kapena wosamva bwino amadzidzimuka ndi chilichonse. Palinso kuiwalaiwala kwa ukalamba, uja amangoima pakati pa chipinda usiku nkumalira ngati wasochera mnyumba yake yomwe.

Nde pitani naye kwa dokotala wa ziweto kudakali milungu ingapo, akamuyeze magazi, mkodzo ndi BP. Zotsatira zake zimasintha nkhani yonse. Ngati ndi ululu, mankhwala atha kuchepetsa mantha aja musanasamuke nkomwe. Ngati saona bwino kapena wayamba kuiwala, ameneyo akuyenda mnyumba ndi mapu amene ali m'mutu mwake, akudziwa kuti masitepe angapo kuchoka pampando pali mbale ya madzi, ndipo kumuchotsa pamenepo ndi nkhani yaikulu kuposa kusamutsa mphaka wamantha koma wathanzi.

Chachiwiri, kodi akamaopa amatsamira chani, nyumba kapena munthu? Timamva kawirikawiri zoti mphaka amakonda malo osati anthu. Pali choonadi pang'ono, mphaka amakhala ndi dera lake ndipo amalidziwa ndi fungo, uja akamakhuza tsaya pamwendo wa tebulo kapena pakona ya khoma akusiya fungo lake lomwe limamuuza kuti pano mpanga, palibe choopsa. Nyumba yatsopano ilibe fungo limenelo olo pang'ono, mwinanso ili ndi la mphaka kapena galu wa amene ankakhalamo kale. Koma zoti sasamala za anthu si zoona. Mu 2019 ofufuza a ku Oregon State University anayesa amphaka powasiya okha mphindi ziwiri m'chipinda chachilendo kenako mwini wake nkubwerera, ndipo pafupifupi amphaka awiri mwa atatu alionse ankakhazikika mtima mwini wake akangolowa nkuyambanso kuyendayenda momasuka. Kutanthauza kuti kwa amphaka ambiri munthu nayenso ndi pothawira. Koma si onse, ndipo si munthu aliyense wa mnyumbamo.

Apa mpofunika chilungamo, chifukwa aliyense amafuna kukhulupirira kuti mphaka amakonda iyeyo. Muoneni kwa milungu ingapo. Amagona pabedi pa ndani? Kukagunda bingu kapena kukabwera alendo, akatuluka kobisala amayamba kupita kwa ndani? Funsani akunyumba kuti inu mukachokapo masiku angapo amatani, amadya bwinobwino nkumagona padzuwa ngati kale, kapena amakhala pakhomo pa chipinda chanu nkumalira osadya? Ngati yankho ndi loti sasintha olo pang'ono, zimapweteka kumva koma ndi uthenga wabwino, ndiye kuti atha kutsala osavutika.

Kupita naye tsiku lomwelo

Njira iyi imakhala bwino ngati inuyo ndi amene mumamudyetsa, kumupatsa mankhwala, kugona naye, ndipo otsala pakhomopo amangomupirira chabe. Imakhalanso bwino ngati nyumba ya makoloyo ndi imene ikumuopsa. Ichi anthu sachiganizira kwenikweni. Pali amphaka amene timawatchula amantha pomwe vuto ndi galu wa pakhomopo, ana ongothamangathamanga, TV yosazima, kapena mphaka mnzake amene amamutchingira njira yopita kumbale ndi kubokosi la mchenga lodzithandiziramo. Wotereyu mukamuika m'kanyumba kachete ka munthu mmodzi amatha kusintha mpaka kudabwa kuti ndi yemwe uja. Kuchepa kwa nyumba si vuto kwenikweni kwa mphaka wokalamba, nthawi yambiri amakhala akugona basi, chomwe amafuna ndi pobisala, pofunda, pawindo poonera kunja ndi zinthu zochitika pa nthawi yake tsiku ndi tsiku.

Kuipa kwake nkoti tsiku losamuka ndi tsiku loipitsitsa kwa mphaka wamantha. Zitseko zili pululu, anthu achilendo akulowa ndi kutuluka, mipando ikukokedwa, ndipo amphaka ambiri amasowa tsiku limeneli. Komanso masiku oyambawo inu mumakhala mulibe nthawi, mukumasula makatoni, mukuthamangira kuntchito kapena kusukulu, simukudziwanso kuti aneba amasokosa nthawi yanji. Ngati mwasankhabe njira iyi, mutsekereni m'chipinda chimodzi chopanda kanthu kuyambira m'mawa, pachitseko mulembepo kuti asatsegule, iye akhale womaliza kukwera galimoto. Kabokosi komunyamulirako musakatulutse tsiku lomwelo, kaikeni poyera milungu ingapo kali kotsegula muli kansalu kake, muziponyamo tokoma kuti akazolowere. Mgalimoto kaphimbeni ndi nsalu ndipo kasamagwedezeke, ndipo musamudyetse kwambiri ulendo utatsala pang'ono kuopa kusanza.

Mukafika musamutsegulire nyumba yonse kuti aione. Chipinda chimodzi chokha, chitseko chotseka, muli chakudya, madzi patali pang'ono ndi chakudyacho, bokosi la mchenga kukona ina, ndi katoni yoti abisalemo. Bulangete lake musalichape, olo likuoneka lakuda bwanji, fungolo ndi limene akulifuna. Mchenga ndi chakudya zikhale mtundu womwe uja wa kale, ino si nthawi yoyesa zatsopano. Bokosi la mchengalo likhale la m'mbali mwafupi kuti asavutike kulowa ngati miyendo imamupweteka. Akabisala musamukoke, khalani pansi chapatali muzingoyankhula naye kapena kuwerenga zanu, adzatuluka yekha, kawirikawiri usiku inu mutagona. Ena amatenga masiku ochepa ena milungu ingapo. Pali mankhwala opopera kapena olumikiza kumagetsi ngati Feliway amene amatsanzira fungo lija la patsaya, amphaka ena amawathandiza ena ayi, nde musawadalire okha. Za ulendo weniweniwo madokotala ambiri amapereka mankhwala otchedwa gabapentin kuti mphaka akhazikike, koma mlingo wake auone dokotala chifukwa kwa mphaka wa impso zofooka amauchepetsa. Ndipo chonde mankhwala a anthu ayi, panado kapena paracetamol wamtundu uliwonse amapha mphaka.

Chomwe muyenera kuyang'anitsitsa masiku oyambawo ndi mbale ndi bokosi la mchenga. Kubisala si koopsa, kusadya ndiye koopsa. Mphaka akakhala masiku angapo osadya mafuta amadzaza m'chiwindi ndipo amatha kufa nazo, makamaka wonenepa, nde tsiku lathunthu likadutsa osalawa kanthu imbirani dokotala, musadikire kuti aona njala adya yekha. Nkhawa imayambitsanso kutupa kwa chikhodzodzo, mumaona akupita kubokosi pafupipafupi, akukodza timadontho, pena tamagazi, pena kukodza pabedi. Ngati ndi wamwamuna ndipo akudzikakamiza koma palibe chotuluka, njira ya mkodzo yatsekeka ndipo imeneyo ndi yothamangira kwa dokotala pompopompo olo pakati pa usiku.

Kumusiya kwa makolo

Njirayi anthu amaiona ngati kulephera koma nthawi zambiri ndi yomwe ili yabwino kwa mphakayo. Ngati wakhala nyumba imodzi zaka zonsezi, amagwirizana ndi mayi kapena bambo anu, ali ndi mnzake amene amagona naye nkumanyambitana, kapena thanzi lake ndi logwedezeka kale, kumusiya ndi kumupatsa zonse zimene akuzidziwa kupatula inu nokha. Amphaka awiri ogwirizana chonchi musawalekanitse, atengeni onse kapena asiyeni onse. Chimodzimodzinso mphaka wozolowera kutuluka panja, ali ndi mtengo wake ndi pakhonde pake powothera dzuwa, kukamutsekera mufulati ya pamwamba ali ndi zaka 14 nkovuta. Ndipo ngati nyumba yatsopanoyo ili pafupi, tsiku lomwe mudzamutulutse adzayesa kubwerera kwakale, kuwoloka misewu imene sakuidziwa, maso ndi makutu zitafooka kale. Nchifukwa chake amati mphaka wosamuka azikhala mkati kwa milungu itatu kapena inayi asanaone panja, ndipo ngati ali ndi microchip, kachipangizo kaja komuzindikirira kamene amaika pansi pa khungu, musinthe adiresi ndi nambala ya foni.

Koma kusiya kuli ndi msampha wake. Otsalawo avomeradi kapena angoti aaa musiyeni tiona? Mphaka wokalamba si wongothira chakudya m'mbale basi. Mawa lino adzafunika piritsi m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse, chakudya chapadera cha impso, kupita kokayezedwa mwina kawiri pachaka, ndi munthu wa diso loona kuti lero sanadye bwino kapena wayamba kuwonda. Ngati munthu ameneyo munali inu ndipo palibe wolowa mmalo, mphakayo adzakhala m'nyumba yodziwika koma matenda ake adzaonedwa mochedwa. Nde khalani pansi mukambirane zenizeni, ndani azimudyetsa, ndani azitsuka bokosi la mchenga, ndani azilipira kwa dokotala, ndipo tsiku lovuta lija likadzafika loti asankhe zoti dokotala amubaye jakisoni womupumitsa mpaka kalekale kuti asavutikenso, adzasankhe ndani ndipo adzakuimbirani nthawi yanji. Ndi nkhani yosakoma kukamba koma bola pano kusiyana ndi kudzakangana pa foni mphaka ali gone. Komanso musanachoke yambani kusamutsa ntchito pang'onopang'ono, amene azitsala nayeyo ayambe kumudyetsa ndi kumupesa inu mudakali pompo, ndipo chipinda chanu ngati ndi momwe amagona asachitseke kapena kuchisandutsa sitolo ya katundu sabata yomweyo.

Chinanso choti muvomereze nchakuti mbali yaikulu ya ululu wa njira iyi ndi yanu. Mudzabwera kudzacheza nkumupeza ali pamiyendo pa wina, mwinanso akuyang'anani kaye ngati mlendo. Zimenezo sizikutanthauza kuti munalakwitsa.

Kumusiya kaye, nkudzamutenga mutakhazikika

Kwa anthu ambiri amene akukayika, iyi ndi yomwe ine ndingasankhe. Mumasamuka nokha, mumakhala mwezi umodzi kapena iwiri, ndipo nthawi imeneyo imakuyankhani mafunso awiri, la nyumba yatsopanoyo ndi la mmene iye achitire inu kulibe, popanda kumuvutitsa mphakayo. Mumaona nyumba yatsopanoyo mmene ilili zenizeni, phokoso lake, ngati anzanu okhala nawo amasiya zitseko ndi mawindo osatseka, ngati amabweretsa alendo wikendi iliyonse, ngati eni nyumba amaloladi ziweto, ndipo izi zikhale zolembedwa osati zapakamwa, komanso maola enieni amene mumakhala mulipo. Munthu wochoka m'mawa nkubwera usiku kenako wikendi kulibe, akamutenga mphaka wamantha ndiye kuti wamuchotsa m'nyumba ya anthu nkukamuika m'nyumba yopanda munthu.

Mbali inayo mumaonanso mmene iye akuchitira inu kulibe. Akudya, akugona malo ake akale, wayamba kutsatira wina? Basi yankho mwalipeza, atsale. Akuwonda, akulira usiku pakhomo pa chipinda chanu, akudzinyambita mpaka ubweya kusosoka pamimba, ndipo dokotala wati si matenda ena? Ndiye kamutengeni, ndipo pano mukumutengera kunyumba yoti makatoni anatha, mipando ili m'malo mwake, fungo lanu lili kale paliponse. Mutha kuyamba mwatengako kansalu kamene amagonera nkukakaika kumeneko, kapena kupukuta masaya ake ndi kansalu kofewa nkukapaka m'makona pa msinkhu wake. Kuipa kwa njirayi nkoti imafuna makolo ololera, ndipo siitheka ngati nyumba yakaleyo ikugulitsidwa kapena onse akusamuka. Vuto lina ndi loti mwezi umodzi umasanduka chaka osasankha kanthu, nde ikani tsiku loti pofika pamenepo mwamanga chimodzi.

Mtunda nawonso umalowapo. Ulendo wa ola limodzi pagalimoto mphaka wokalamba nthawi zambiri amaupirira. Ndege ndi nkhani ina, maola ambiri m'kabokosi, phokoso, kutulutsidwa pofufuza katundu, ndipo makampani ena salola ziweto mkati momwe mumakhala anthu, zimakakhala kumalo a katundu. Mankhwala ogonetsa pa ndege madokotala ambiri amaletsa chifukwa amatsitsa BP ndi kusokoneza kupuma. Kuwoloka malire a dziko kumafunanso katemera wa chiwewe, microchip ndi zikalata za dokotala, maiko ena mpaka kumusunga kwaokha kwa kanthawi. Kwa mphaka wa zaka 15 wamantha yemwe ali ndi pokhala pabwino kale, ine ulendo wotero sindingauyambe pokhapokha palibiretu womusamala.

Zomamuyendetsa uku ndi uku, mkati mwa sabata kwanu wikendi kwa makolo, kapena kusukulu nkubwera naye pa holide iliyonse, zimamveka ngati mwapeza pakati koma kwa mphaka wamantha ndi njira yoipa kuposa zonse. Galu atha kuzikonda. Mphaka akangoyamba kuzolowera mwamunyamulanso, ndipo ulendo uliwonse akuyambiranso pachiyambi. Ngati moyo wanu uli woti chaka chino muli apa chaka chamawa kwina, chimenecho pachokha ndi chifukwa chokwanira choti atsale pamalo amodzi.

Kumupereka kwa munthu wina kapena kumalo osungira ziweto ndi kwa pamene zina zonse zakanika, chifukwa apa amataya zonse ziwiri, nyumba ndi anthu omwe. Amphaka okalamba amachedwa kupeza owatenga, ndipo wamantha amene amabisala kukona anthu akabwera kudzaona amachedwa koposa. Zikafika pamenepo yambani mwafunsa wachibale kapena mnzanu amene mphakayo amamudziwa kale, wa nyumba yachete, ndipo apite ndi mbale zake, bulangete lake ndi mapepala ake onse a kwa dokotala.

Nanga mukamutenga nkukanika? Zimachitika. Mupatseni nthawi yokwanira kaye, bola akudya ndi kudzithandiza bwino, chifukwa sabata yoyamba pafupifupi mphaka aliyense amaoneka ngati zakanika. Chomwe mukuyang'ana ndi kusintha olo kochepa, lero wadya inu muli m'chipindamo, mawa wakhuza tsaya pachitseko, mkuja wagona poyera miyendo ili tambalale. Koma ngati padutsa mwezi ndi kuposerapo akungotsika thupi, sakutuluka olo usiku, chikhodzodzo chikungobwerezabwereza ndipo dokotala wayesa zake, mubwezereni kwa makolo ngati khomo lidakali lotsegula, ndipo kumenekonso ayambire chipinda chimodzi kwa masiku angapo makamaka ngati kuli mphaka wina, poti fungo lake lasintha ndipo mnzakeyo atha kumulandira ngati mlendo. Nkhani yobwererayi muikambe ndi akunyumba musananyamuke nkomwe, kuti ikadzafunika pasadzakhale zokambirananso.